Fulashi ndi hadi disiki pa rauta ya kunyumba: mafunso ndi mayankho

Marauta ena (timabokosi togawa Wi-Fi) amene ali m'nyumba za anthu kuno ku Mzuzu ali ndi kabowo ka USB kumbuyo kapena m'mbali. Nthawi zambiri kamangodzaza fumbi, kapena wina amatchajirapo foni. Komatu kabowo kameneka kangathe kusandutsa rauta kukhala nkhokwe ya banja lonse: mukalowetsapo fulashi kapena hadi disiki, aliyense amene ali pa Wi-Fi ya pakhomopo amatha kutsegula zili m'menemo. Ine ndimakonza makompyuta ndi manetiweki a m'nyumba, ndipo ndimalimbikitsa anthu kukagwiritsa ntchito kabowoka, bola asamale ziwiri zimene zimaliza ambiri: magetsi, ndi kusiya mafayilo poyera.

Kodi kabowo ka USB pa rauta n'kantchito yanji kwenikweni?

Zimatengera rauta yake. Pa marauta ambiri kamagwira ntchito zitatu: kugawa mafayilo a pa fulashi kapena hadi disiki, kulumikiza purinta kuti anthu angapo azisindikiza kudzera pa Wi-Fi, ndi kulandira dongle ya 3G kapena 4G, kachipangizo kooneka ngati fulashi kolowetsamo simu khadi, kuti intaneti izichokera m'menemo. Alipo ena amene kabowo kake kamangotulutsa magetsi basi. Kuti mudziwe za yanuyo, lowani m'masetingi ake. Mukapeza mutu wolembedwa "USB Settings", "USB Application", "Sharing" kapena "ReadySHARE", ndiye kuti imagawa mafayilo. Mukausowa, musavutike n'kugula hadi disiki.

Ndikamatsegula mafayilo a pa fulashi imene ili pa rauta, bandulo imadyeka?

Ayi, ndipo phindu lonse la nkhaniyi lagona pamenepa. Foni yanu ikamatsegula fayilo yotere, fayiloyo imachoka pa fulashi, n'kudutsa mu rauta, n'kufika pa foni. Siikwera pa nsanja ya Airtel kapena TNM, siidutsa pa chingwe cha MTL, choncho palibe amene akukuwerengerani kalikonse. Bandulo ithe, netiweki igwe tauni yonse, malinga rauta ikuyaka mafayilo aja amatsegukabe.

Taganizirani nyumba ya ku Chibavi kapena ku Zolozolo imene muli ana atatu, awiri akukonzekera MSCE, wina JCE. Aliyense akamadawuniloda payekha mapepala akale a mayeso a MANEB ndi mavidiyo ophunzitsa masamu, bambo ndi mayi akulipira kangapo chinthu chimodzi. Dawunilodani kamodzi, usiku ngati kampani yanu ili ndi bandulo yausiku yotsikirako mtengo, muziike pa fulashi, ana aziphunzira kuchokera pamenepo. N'chimodzimodzinso vidiyo ya chinkhoswe kapena nyimbo zimene kwaya ya kumpingo yajambula: m'malo moti zizizungulira pa WhatsApp, kumene zimachepetsedwanso kukongola kwake, zikhale malo amodzi.

Pali kamsampha kamodzi. Mafoni ena a Android akaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti amasiya kuidalira n'kubwerera okha ku data ya simu khadi. Zikatero fulashi siioneka. Zimitsani data ya pa foni, kapena foniyo ikakufunsani ngati ikhalebe pa Wi-Fi yopanda intaneti, vomerani.

Ine ndili ndi MiFi ya m'thumba. Zimenezi zingatheke?

Kawirikawiri ayi. Kabowo ka pa MiFi n'kotchajira batire lake ndi kuilumikiza ku laputopu, si kolandira fulashi. Zina zili ndi polowetsa memore khadi yaing'ono pansi pa chivundikiro, ndipo zimenezo zimatha kugawa zili pa khadiyo. Marauta a 4G a patebulo, aja olowetsa simu khadi koma oyendera magetsi a pakhoma, ndi amene ena mwa iwo ali ndi kabowo kakakulu kolandira fulashi.

Masetingi a rauta ndiwapeza kuti?

Lumikizani foni kapena laputopu ku Wi-Fi ya rautayo, tsegulani Chrome kapena Firefox, ndipo pamwamba polemba adiresi mulembe nambala ya rauta. Zofala ndi 192.168.0.1 ndi 192.168.1.1, pamene marauta a Huawei amakonda 192.168.8.1. A TP-Link amatsegukanso ndi tplinkwifi.net, a ASUS ndi router.asus.com, a Netgear ndi routerlogin.net. Mukakayika, tembenuzani rauta: adiresi, dzina lolowera ndi pasiwedi yoyamba zimalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pake.

Pasiwedi yolowera m'masetingi ndi yosiyana ndi pasiwedi ya Wi-Fi. Ngati idakali "admin" monga inachokera ku fakitale, isintheni lero lomwe, musanalowetse fulashi. Aliyense amene munam'patsapo Wi-Fi angathe kulowa ndi "admin" yemweyo n'kudzitsegulira mafoda anu onse.

Pa TP-Link pitani pa "Advanced", kenako "USB Settings" kapena "USB". Pa ASUS ndi "USB Application". Tsamba loyamba limangosonyeza ngati rauta yaiona fulashiyo, kukula kwake, ndi malo otsala.

Ndalowetsa fulashi koma rauta siikuiona. Pa laputopu imagwira bwinobwino. Chavuta n'chiyani?

Yambani ndi zophweka. Zimitsani rauta, lowetsani fulashi, yatsaninso, dikirani mphindi ziwiri, kenako dinani "Scan" kapena "Refresh" pa tsamba la USB. Ikapanda kuonekabe, nthawi zambiri vuto ndi mmene fulashiyo inafomatidwira. Pofomata, kompyuta imaika dongosolo losanjira mafayilo, ndipo rauta iliyonse imadziwa madongosolo ena, ena osawadziwa.

FAT32 ndi yakale ndipo pafupifupi rauta iliyonse imaiwerenga. Kuipa kwake n'kwakuti siilandira fayilo imodzi yofika 4GB. Vidiyo ya ukwati yojambulidwa bwino imadutsa pamenepo mosavuta, ndipo mukamakopa imakana ngakhale malo ali mbwee. exFAT inabwera mu 2006 kudzachotsa malire amenewa, ndipo mafulashi ambiri aakulu amachokera nayo ku fakitale, koma marauta akale ambiri saidziwa. Apa ndi pamene ambiri amakodwa: fulashi ya 64GB ikugwira pa laputopu, pa rauta zii. NTFS ndi ya Windows. Marauta ambiri amaiwerenga ndi kulembapo, ilibe vuto la 4GB lija, ndipo pa hadi disiki ndi imene ine ndimasankha, chifukwa tsiku lililonse mungathe kuizula n'kuiika pa laputopu. Palinso ext4 ya Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta monga imachitira Windows. Popeza marauta ambiri mkati mwake amayendera Linux, imayenda bwino pa amene amailola, monga a ASUS, koma laputopu ya Windows siitsegula payokha.

Kuti mudziwe dongosolo la fulashi yanu, ilowetseni pa laputopu, dinani batani lakumanja la mausi pa chizindikiro chake, n'kusankha "Properties". Mukafuna kusintha, kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse, choncho samutsani kaye mafayilo.

Ziwiri zina zimene zimabisa disiki. Ngati inatsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki ndi pasiwedi, rauta siingaitsegule. Ndipo hadi disiki yoposa 2TB imagawidwa m'njira yatsopano yotchedwa GPT, chifukwa njira yakale ya MBR imalekeza pa 2TB, ndipo marauta ena akale GPT saimva. Pa rauta yakale, disiki ya 500GB kapena 1TB ndi imene siivuta.

Hadi disiki ikungolira tiki tiki, kenako imazima. Yafa?

Musaitaye. Iyeseni pa laputopu. Ikagwira kumeneko, ndiye kuti magetsi a pa rauta akuichepera. Kabowo ka USB 2.0 kamalonjeza magetsi a 500mA pa 5V, ka USB 3.0, kamene nthawi zambiri kamakhala ka buluu mkati, kamalonjeza 900mA. Fulashi imakhutira ndi zimenezo. Koma hadi disiki ya mainchesi 2.5, ija yaing'ono yolowa m'thumba, ili ndi mbale zozungulira mkati, ndipo pozidzutsa imakoka magetsi ambiri kuposa ikamayenda. Akachepa, imayamba kuzungulira, n'kulephera, n'kuyambanso. Kulira mukumvako ndi kumeneko, ndipo mukaisiya ikuchita zimenezo kwa masiku imawonongeka zenizeni.

Yang'anani kaye chaja ya rauta. Ambiri chaja yeniyeni itapsa anagula ina pamsika, yolowa bwino pabowo koma yopereka mphamvu zochepa. Kapepala ka pansi pa rauta kamanena zimene imafuna, mwachitsanzo 12V 1.5A, kutanthauza mavoti 12 ndi maampi 1.5. Mavoti afanane ndendende, pamene maampi a chaja angathe kuposa, koma asachepe. Rauta yokhala ndi chaja yofooka imayaka ndithu, Wi-Fi n'kumagwira, koma mukangoisenzetsa hadi disiki imayamba kudzizimitsa n'kudziyatsa.

Chaja ikakhala bwino, yesani chingwe chachifupi, chifukwa chachitali ndi chopyapyala chimataya magetsi panjira. Zikakanikabe, gulani USB hub (kachipangizo kochulukitsa mabowo a USB) yokhala ndi chaja yakeyake, kapena gwiritsani hadi disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 imene imabwera ndi chaja yake ya 12V. SSD, disiki yosunga mafayilo m'memore ngati fulashi, ilibe mbale zozungulira, choncho siivuta podzuka ndipo siiopa kugwedezeka. Ngati thumba likulola, pa rauta ndi yabwino kuposa hadi disiki.

Pa tsamba la USB pali "Samba", "FTP" ndi "Media Server". Ndiyatse chiti?

Yatsani chokhacho chimene mukufuna, zinazo zikhale zozima. Samba, imene marauta ena amailemba kuti "Network Neighborhood" kapena "Network Place", ndi imene imachititsa fulashi kuoneka ngati foda wamba pa kompyuta, yoti mungathe kutsegula, kukopa ndi kusunga. Banja lililonse likufuna imeneyi. Media Server, kapena DLNA, ndi ya TV ndi mapulogalamu oonerera mavidiyo: imangosonyeza nyimbo, zithunzi ndi mavidiyo, osalola munthu kufufuta. FTP ndi njira yakale kwambiri yosamutsira mafayilo, ndipo imatumiza pasiwedi yanu osaibisa. M'kati mwa nyumba yanu ingathandize pamene Samba yakanika. Batani lina lili pafupi nayo, lolembedwa "FTP via Internet" kapena "Enable WAN access", musalikhudze. Chifukwa chake chili m'munsimu.

Pa laputopu ya Windows ndifika bwanji pa mafayilo? Ikundiuza kuti siingathe kulumikiza.

Tsegulani File Explorer, ndipo pamwamba polemba adiresi mulembe timizere tiwiri topendekera kumanzere, kenako nambala ya rauta, motere: \\192.168.0.1. Ikafunsa dzina ndi pasiwedi, lembani zimene munaika pa tsamba la USB. Foda ikaoneka, dinani batani lakumanja n'kusankha "Map network drive" kuti izioneka nthawi zonse pansi pa "This PC". Pa Mac, tsegulani Finder, dinani Command ndi K pamodzi, n'kulemba smb://192.168.0.1.

Ikakana, kawirikawiri ndi nkhani ya SMB1. SMB ndi njira imene Windows imalankhulira ndi Samba, ndipo ili ndi mibadwo itatu. Marauta akale ambiri amadziwa woyamba wokha. M'mwezi wa May 2017 vairasi ya WannaCry inafalikira dziko lonse kudzera pa chofooka cha SMB1, n'kutseka mafayilo a anthu, mpaka zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Kuyambira kumapeto kwa chaka chomwecho, Windows 10 yatsopano inasiya kudalira SMB1, ndipo Windows 11 imabwera SMB1 ili yozima. Windows 11 ya mtundu wa 24H2 inawonjezanso kukhwima: pa Pro imakana kulowa m'foda yopanda dzina ndi pasiwedi, ndipo imafuna kuti mauthenga a SMB azikhala ndi siginecha yotsimikizira amene wawatumiza, zimene marauta ena sachita.

Pa intaneti mupeza malangizo ambiri akuti ingoyatsani SMB1 mu "Windows Features". Zimagwiradi, koma ine sindilangiza munthu kutero pa laputopu imene amapita nayo kuntchito, ku Mzuni kapena pa Wi-Fi ya mu lesitilanti. Yambani ndi kuika firmware yatsopano pa rauta, ndiye kuti pulogalamu yoyendetsa rautayo, chifukwa makampani ena anawonjezeramo SMB2. Kenako yang'anani ngati pa tsamba la Samba pali posankhira mtundu, musankhe SMB2 kapena woposerapo. Ikaninso dzina ndi pasiwedi pa foda, zimene zimathetsa kukana kwina kwa 24H2. Zonsezi zikalephera, yatsani FTP ya m'nyumba mokha, ndipo mu File Explorer mulembe ftp://192.168.0.1. Siyokoma kwenikweni, popeza fayilo muyenera kuikopera kaye pa laputopu musanaisinthe, koma laputopu yanu imatsala yotetezeka.

Nanga pa foni ndi pa TV?

Pa Android, pulogalamu ya VLC, imene ndi yaulere, ili ndi gawo la "Browse" limene limasonyeza zonse zili pa netiweki ya m'nyumba, za Samba ndi za DLNA zomwe. Za mapepala ndi ma PDF mufunika pulogalamu yosanjira mafayilo yodziwa SMB. Pa iPhone, kuyambira iOS 13 ya mu 2019, pulogalamu ya Files ili ndi "Connect to Server", ndipo mumalemba smb:// ndi nambala ya rauta. iPhone nayo siigwirizana ndi SMB1.

TV yolumikizika ku Wi-Fi imaona rauta pa mndandanda wa "Source" kapena "Media" mukayatsa Media Server. Mukaika mavidiyo atsopano koma osaoneka, dinani "Scan" kapena "Refresh" pa tsamba la Media Server, popeza rauta imachita kuwerenga disiki yonse kuti ipange mndandanda, ndipo pa disiki yodzaza zimatenga nthawi. Vidiyo ikaoneka koma osasewera, vuto ndi TV imene siidziwa mtundu wa fayiloyo. Rauta siisintha vidiyo, imangoipereka momwe ilili. MP4 ndi imene ma TV ambiri amailandira.

Wi-Fi yathu timagawana ndi alendi a kuseri. Aziona zithunzi zathu?

Inde, ngati simunatseke. Marauta ambiri akangoona fulashi amaigawa yonse kwa aliyense amene ali pa Wi-Fi, popanda kufunsa kanthu. Ku Luwinga, kumene nyumba zambiri zimasunga ophunzira a ku yunivesite, ndi m'mapuloti a ku Mchengautuwa kumene mabanja angapo amasonkherana bandulo imodzi, nkhani imeneyi si yaing'ono. Pa fulashi anthu amasunga zithunzi za ziphaso, mapepala a malo, makalata a kuchipatala, ndi zithunzi za ana.

Chitani zitatu. Yatsani "Enable Authentication" kapena zimitsani "Allow guest login", malinga ndi mmene rauta yanu yalembera, n'kuika dzina ndi pasiwedi zosiyana ndi za masetingi. Zimitsani "Share All" kuti musankhe nokha mafoda ogawa: foda ya sukulu ndi ya nyimbo zikhale zongowerenga, kuti mwana asafufute mwangozi, pamene foda ya bambo ndi mayi ikhale ndi pasiwedi yakeyake ngati rauta imalola maakaunti angapo. Chachitatu, alendi ndi alendo apatseni "Guest Network", ndipo muonetsetse kuti bokosi lolembedwa "Allow guests to access my local network" kapena "Access Intranet" n'lozima. Adzapeza intaneti, koma fulashi sadzaiona n'komwe.

Media Server nthawi zambiri siifunsa pasiwedi. Chilichonse chili m'foda imene mwaipatsa chimaoneka pa TV ndi pa foni iliyonse ya pa netiweki yaikulu. Ilozereni ku foda ya mavidiyo yokha, osati disiki yonse.

Magetsi akazima mwadzidzidzi, mafayilo amawonongeka?

Angathe kuwonongeka, ndipo kwathu kuno ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse amene ndatchula. Mukamakopa fayilo, rauta siilemba zonse pa disiki nthawi yomweyo. Zina imayamba yazisunga m'memore yake, n'kumazilemba pang'onopang'ono. Magetsi akazima pakati, zimene zinali m'memore zapita. Choopsa kwambiri n'chakuti mndandanda umene umanena pamene fayilo iliyonse ili ungatsale wolembedwa theka, ndipo mawa lake mupeza foda yonse yasowa kapena mayina asanduka zilembo zosawerengeka.

NTFS ndi ext4 zimalemba kaye zimene zikufuna kusintha zisanasinthe, choncho magetsi akabwera zimatha kudzikonza, ngakhale fayilo imene inali pakati pokopedwa ikhoza kutayikabe. FAT32 ndi exFAT zilibe chitetezo chimenechi. N'chifukwa china chimene ndimasankhira NTFS.

Mankhwala enieni ndi kabatire ka rauta, kaja amati mini UPS, kamene kamakhala pakati pa khoma ndi rauta n'kumapereka 9V kapena 12V magetsi akazima. Onetsetsani kuti mavoti ndi maampi ake akugwirizana ndi rauta yanu, ndipo muwerengere kuti hadi disiki ifupikitsa maola amene batire limakhala. Amene muli pa sola, musalumikize rauta molunjika ku batire lalikulu popanda chowongolera mavoti, chifukwa batire la 12V likamatchajidwa limakwera kupitirira 14V.

Pochotsa fulashi, dinani kaye "Safely Remove", "Eject" kapena "Remove" pa tsamba la USB, ndipo mudikire mpaka itasowa pa mndandanda. Ikayamba kuchita zachilendo magetsi atazima, musakopereponso kanthu. Izuleni, muiike pa laputopu, dinani "Properties", "Tools", kenako "Check".

Nyengo ya mvula, imene kuno imatalika kuposa madera ambiri a m'dziko muno, mphenzi zikayamba zulani rauta pakhoma. Mphamvu ya mphenzi ikalowa mu rauta siilekera pomwepo, imafikanso pa disiki imene yalumikizidwa. Ndipo musatsekere rauta ndi disiki m'kabati yopanda mpweya pothawa chinyezi, chifukwa zonse ziwiri zimatentha zikamagwira ntchito.

Chilowetsereni hadi disiki, Wi-Fi yafooka m'zipinda. N'zogwirizana?

N'zogwirizana ndithu. USB 3.0 ikamagwira ntchito imatulutsa phokoso la mafunde limene limagwera pa 2.4GHz, pamene Wi-Fi ya mafoni ambiri imayendera. Kampani ya Intel inalemba lipoti lofotokoza zimenezi mu 2012. Ikani disiki patali pang'ono ndi tinyanga ta rauta, gwiritsani chingwe chabwino chokutidwa mkati, ndipo mafoni amene angathe asamukire pa Wi-Fi ya 5GHz, ngati rauta ili nayo. Marauta ena, monga a ASUS, ali ndi posankhira kuti kabowo kaziyenda ngati USB 2.0. Kukopa kumachedwerako, koma Wi-Fi imabwerera.

Kukopa kukuchedwa kwambiri. Pa bokosi analemba 5Gbps.

Nambala ya pa bokosi ndi ya kabowo kokha. USB 2.0 imalembedwa 480Mbps, USB 3.0 imalembedwa 5Gbps, koma ubongo wa rauta ndi waung'ono, ndipo ukugwiranso ntchito ya Wi-Fi nthawi yomweyo. Kumbukiraninso kuti Mbps ya pa bokosi muyenera kuigawa ndi 8 kuti mupeze MB pa sekondi imene kompyuta imasonyeza. Rauta ya mabowo a chingwe a 100Mbps siingapitirire pafupifupi 12MB pa sekondi, ngakhale disiki ikhale yothamanga chotani. Kuonera vidiyo liwiro limenelo n'lokwanira. Koma ngati mukufuna kudzaza disiki ndi mafayilo a 200GB koyamba, ilumikizeni ku laputopu molunjika, mukatha muibwezere pa rauta.

Ndikapita ku Lilongwe kapena ku Karonga, ndingatsegule mafayilo a kunyumba?

Marauta ena amalonjeza zimenezi, koma pali zopinga ziwiri. Choyamba, ngati intaneti yanu ndi ya simu khadi, kawirikawiri mulibe adiresi yanuyanu yoonekera kunja. Makampani a mafoni amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Yang'anani "WAN IP" pa tsamba loyamba la rauta: ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti wochokera kunja sangakufikeni, ngakhale mutayatsa mabatani onse.

Chachiwiri ndi chitetezo, ndipo ndikupemphani mumvetsere. Amene ali ndi adiresi yoonekera kunja akayatsa FTP ya pa intaneti, disiki yawo imaonekera ku dziko lonse, ndipo pali makompyuta amene usana ndi usiku amangoyendayenda kugogoda pa khomo nambala 21, limene FTP imagwiritsa ntchito. Mu 2014 anthu ambiri a marauta a ASUS anapeza kakalata pa madisiki awo kolembedwa ndi anthu osawadziwa, kowauza kuti mafayilo awo ali poyera. Nkhaniyo inafika ku Federal Trade Commission, bungwe la boma la America loteteza ogula, ndipo mu 2016 kampaniyo inavomera kuti chitetezo cha marauta ake chiziunikidwa ndi akatswiri oima paokha kwa zaka 20. Anthu amenewo sanachite chachilendo chilichonse, anangoyatsa batani limene linali pa sikirini.

Mafayilo ochepa amene mumawafuna paulendo aikeni pa Google Drive, imene imapereka 15GB yaulere, kapena muwanyamule pa foni. Amene akufunadi kufika kunyumba ali kutali agwiritse VPN ya pa rauta, njira yobisika yolowera pa netiweki ya kunyumba, monga OpenVPN kapena WireGuard, ngati rauta ili nayo ndipo adiresi ikulola. Kumbukiraninso kuti zotsegula muli kutali zimadya bandulo mbali zonse ziwiri, ya kunyumba ndi ya pa foni.

Ndapeza fulashi ya 1TB yotchipa kwambiri. Ndigule?

Mtengo ukatsika modabwitsa, ikayikireni. Pali mafulashi achinyengo amene anakonzedwa kuti azinama kukula kwake: kompyuta imasonyeza 1TB pamene mkati muli 8GB kapena 16GB. Imalandira mafayilo osadandaula, mayina n'kumaoneka, koma malo enieni akatha zotsatirazo zimangotayika kapena kufufuta zakale. Mumadzazindikira tsiku limene mukufuna kutsegula. Fulashi yatsopano iliyonse iyeseni ndi pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac. Imadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwake kwenikweni. Gwirizanani ndi wogulitsa musanalipire kuti ikalephera mudzaibweza.

Ndiye ndikasamutsira zithunzi zonse pa rauta, ndingafufute za pa foni?

Ayi. Chinthu chikakhala malo amodzi okha, sichinasungike. Disiki ya pa rauta imayaka usana ndi usiku, imakumana ndi kuzima kwa magetsi, ndipo wakuba akalowa amanyamula rauta ndi disiki limodzi. Vairasi yotseka mafayilo ikalowa pa laputopu imatsekanso foda iliyonse ya pa netiweki imene laputopuyo ili ndi ufulu wolembamo. Zimene simungazipezenso, monga zithunzi za agogo amene anatisiya kapena kafukufuku wa digiri, zikhale malo osachepera awiri, ndipo amodzi akhale disiki imene imakhala yozula, yosungidwa kwina.

Kabowo ndi kamodzi, koma ndikufuna fulashi ndi purinta zonse.

USB hub imathandiza pa marauta ambiri, makamaka yokhala ndi chaja yakeyake. Dziwani kuti purinta ya pa rauta kawirikawiri imangosindikiza, sikana yake siigwira, ndipo kompyuta iliyonse imafunabe driver, pulogalamu yoyendetsa purintayo. Dongle imakoka magetsi ambiri, choncho kuiphatikiza ndi hadi disiki pa hub yopanda chaja n'kudziputira mavuto aja a tiki tiki.

Rauta ikafa, kapena ndikadina "Reset", mafayilo apita?

Mafayilo ali pa disiki, osati mu rauta. Rauta ikafa, zulani disiki muiike pa laputopu. Ya NTFS, FAT32 kapena exFAT itseguka pompo. Ya ext4 ifuna kompyuta ya Linux, ndipo mungathe kuyatsa laputopu yanu yomweyo ndi Ubuntu, mtundu wa Linux, kuchokera pa fulashi ina popanda kuchotsa Windows. Windows ikakufunsani kuti ifomate disiki imene siikuidziwa, kanani.

"Reset" siifufuta za pa disiki, koma imafufuta maakaunti, mapasiwedi ndi mafoda amene munasankha, n'kubwezera rauta mmene inachokera ku fakitale, kumene pa marauta ambiri kumatanthauza kugawa disiki yonse kwa aliyense. Choncho zulani disiki musanadine "Reset", ikani pasiwedi yatsopano ya masetingi ndi ya Wi-Fi, kenako bwezerani disiki n'kupita molunjika pa tsamba la USB kukatseka mafoda musanapatse wina aliyense Wi-Fi. Marauta ambiri ali ndi "Backup" pansi pa "System Tools" kapena "Administration", imene imasunga masetingi onse m'kafayilo kamodzi. Mukamaliza kukonza zonse, sungani kafayiloko pa laputopu, osati pa disiki ya pa rauta, chifukwa muli mapasiwedi anu.